Mafunso ndi mayankho: kukachita tchuthi ku Andalusia, dera la magombe ndi mapiri kummwera kwa Spain

Kodi Andalusia ndi kuti, ndipo n'chiyani chimakopa anthu kumeneko?

Andalusia ndi dera lalikulu lomwe lili kummwera kwenikweni kwa dziko la Spain, ndipo lili ndi zigawo 8: Almería, Granada, Málaga, Cádiz, Huelva, Sevilla, Córdoba ndi Jaén. Likulu lake ndi mzinda wa Sevilla. Zigawo zisanu zoyambirirazo ndi zimene zimakhudza nyanja yamchere. Kum'mawa kwa tauni ya Tarifa kuli nyanja ya Mediterranean, pomwe kumadzulo kwake kuli nyanja ya Atlantic.

Anthu ambiri amapitako chifukwa cha dzuwa, koma chimene chimasiyanitsa derali ndi magombe ena n'chakuti mapiri ake ayandikana kwambiri ndi nyanja. Phiri la Mulhacén, lomwe ndi lalitali mamita 3,479 ndipo palibe lina loliposa ku Spain konse kupatula pa zilumba za Canary, lili pamtunda wosakwana makilomita 50 kuchokera kugombe. Mapiriwa ndi amene amatchinga mphepo yozizira yochokera kumpoto, n'chifukwa chake m'zigwa za kufupi ndi Almuñécar ndi Vélez-Málaga alimi amakolola mango ndi mapeyala, zipatso zomwe sizichita bwino m'madera ambiri a ku Ulaya. Munthu amene wapita kukangokhala pamchenga sabata yonse amabwerako ataona theka lokha la dera limeneli.

Kodi Costa del Sol ndi Andalusia ndi malo amodzi?

Ayi. Costa del Sol ndi gombe la chigawo cha Málaga chokha, kuyambira ku Nerja kum'mawa, kudutsa mzinda wa Málaga, Torremolinos, Benalmádena, Fuengirola ndi Marbella, mpaka kupitirira Estepona kumadzulo. Gombe la chigawo cha Granada limatchedwa Costa Tropical, ndipo la Cádiz ndi Huelva, loyang'ana ku Atlantic, limatchedwa Costa de la Luz. Ku Almería kuli Cabo de Gata, malo otetezedwa a mapiri akale ophulika, komwe mvula imagwa yochepa kwambiri ndipo magombe ambiri alibe nyumba ngakhale imodzi.

Ndi miyezi iti yabwino kupitako?

Funso ili ndi lofunika kuposa ena onse, chifukwa ulendo womwewo ukhoza kukhala wosangalatsa mu Meyi koma wozunza mu Ogasiti. Kwa munthu wofuna kuona nyanja, mapiri ndi mizinda yakale pa ulendo umodzi, nthawi yabwino ndi kuyambira pakati pa Epulo mpaka pakati pa Juni, kapena kuyambira pakati pa Sepitembala mpaka kumapeto kwa Okutobala. Mu Epulo ndi Meyi mapiri amakhala obiriwira, maluwa akutchire ali ponseponse, mitsinje ili ndi madzi, ndipo pansonga za mapiri a Sierra Nevada, komwe kuli Mulhacén, pamakhala pakadali chipale chofewa. Vuto lake n'lakuti madzi a m'nyanja amakhala akadali ozizira. Mu Sepitembala ndi Okutobala zinthu zimatembenuka: tchire limakhala louma, koma nyanja imakhala itafunda ndipo chikhamu cha alendo chimakhala chitachepa.

Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi yotentha kwambiri, ndipo ndi nthawi yomwe eni dziko nawonso amakhala patchuthi, kotero mitengo ya malo ogona imakwera. Kugombe, mphepo ya kunyanja imathandizako ndipo masana kumatentha pafupifupi madigiri 30 kapena kuposerapo pang'ono. Koma m'chigwa cha mtsinje wa Guadalquivir, komwe kuli Sevilla ndi Córdoba, si zachilendo kuti kutentha kupitirire madigiri 40, ndipo mu Ogasiti 2021 m'chigawo cha Córdoba kunatentha kupitirira madigiri 47. Kuyenda wapansi m'mizinda imeneyi masana a miyezi iwiriyi si nzeru, makamaka ngati muli ndi ana kapena okalamba. Komabe miyezi yomweyi ndi imene ili yabwino kukwera nsonga zazitali, monga tifotokozere m'munsimu pa funso la Mulhacén.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi nthawi ya mvula ndi kuzizira. Mu Januwale ku Málaga masana kumafika pafupifupi madigiri 17, koma ku Granada ndi ku Ronda usiku kumazizira mpaka madzi kuundana. Mvula imagwa mosiyana kwambiri malinga ndi malo: tauni ya Grazalema, m'mapiri a Cádiz, ili m'gulu la malo olandira mvula yochuluka ku Spain, pomwe ku Tabernas m'chigawo cha Almería kuli chipululu.

Muyang'anenso tsiku la Pasaka. M'sabata yotsogolera ku Pasaka, yotchedwa Semana Santa, magulu a mpingo amayenda m'misewu ya Sevilla, Málaga ndi Granada atanyamula mafano akuluakulu a Yesu ndi Mariya, ndipo ndi mwambo wogwira mtima kwambiri, koma zipinda zogona zimatha miyezi ingapo nthawiyo isanakwane. Chimodzimodzinso pa chikondwerero cha Feria de Abril ku Sevilla ndi pa chikondwerero cha mzinda wa Málaga pakati pa Ogasiti.

Kodi pamafunika viza?

Spain ili m'gulu la mayiko a Schengen, mayiko a ku Ulaya omwe amagwiritsa ntchito viza imodzi, kotero malamulo ake ndi a gululo. Nzika za mayiko ambiri a mu Africa zimafunika viza ya kanthawi kochepa, yomwe imalola kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 aliwonse. Kuyambira mu Juni 2024, munthu wamkulu amalipira mayuro 90 popempha vizayi. Mudzafunika pasipoti yomwe idzakhale ikugwirabe ntchito kwa miyezi itatu mutatuluka m'mayiko a Schengen, inshulansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa malo ogona, tikiti yobwerera ndi umboni wakuti muli ndi ndalama zokwanira. Pempho likhoza kuperekedwa miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanachitike, ndipo ndi bwino kuyamba msanga. Ngati mukuganiza zowolokera ku Morocco, werengani funso lomaliza musanalembe mafomu.

Kodi ndingayende bwanji ndikafika, ndipo galimoto yobwereka ndi yofunika?

Bwalo la ndege lalikulu m'derali ndi la ku Málaga. Pabwalo pomwepo pamadutsa sitima yapamtunda ya C1, yomwe imalumikiza pakati pa mzinda wa Málaga ndi Torremolinos, Benalmádena ndi Fuengirola. Njanjiyi imathera ku Fuengirola, kotero opita ku Marbella, Estepona kapena Nerja amakwera basi. Amene watsikira ku Madrid akhoza kukwera sitima yothamanga kwambiri, yomwe inayamba kufika ku Sevilla mu 1992, ku Málaga mu 2007 ndi ku Granada mu 2019. Ulendo wa ku Málaga umatenga pafupifupi maola atatu.

Pakati pa mizinda ikuluikulu simufunika galimoto, ndipo m'kati mwa mizindayo galimoto imangosautsa, chifukwa misewu ya m'madera akale ndi yopapatiza, ina ndi yololedwa kwa okhala komweko okha, ndipo pali makamera ojambula olakwira lamulo. Kumapiri nkhani ndi ina. Mabasi amafika m'midzi yambiri, koma kangapo kokha patsiku, ndipo Lamlungu amachepa. Njira yabwino ndi kubwereka galimoto kwa masiku a kumapiri okha. Kumbukirani kuti ku Spain amayendetsa kudzanja lamanja, ndiponso kuti m'mphepete mwa Costa del Sol muli misewu iwiri yoyenda moyandikana: A-7 ndi waulere koma umadzaza, pomwe AP-7 ndi wolipira.

Ndigone kugombe kapena kumapiri?

Ngati muli ndi sabata imodzi kapena kuposerapo, gawani ulendo pawiri. Kuchoka kugombe m'mawa uliwonse n'kubwereranso madzulo kumadya nthawi, chifukwa misewu ya m'mapiri ndi yokhotakhota ndipo mtunda wooneka waufupi pamapu umatenga maola. Kuwonjezera apo, midzi ya m'mapiri imakoma madzulo ndi m'mawa, mabasi a alendo obwera tsiku limodzi atachoka kapena asanafike.

Kugombe, Torremolinos ndi Fuengirola ndi matauni a mahotela ataliatali omwe anakula chifukwa cha alendo kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Ndi osavuta kwa mabanja a ana aang'ono ndi kwa anthu opanda galimoto. Nerja ndi yaing'ono ndipo mapiri a Almijara amatsikira m'nyanja pafupi nayo. Pomwepo pali mapanga akuluakulu omwe anyamata a m'deralo anawatulukira mu 1959, ndi mudzi wa nyumba zoyera wa Frigiliana pamtunda pake. Mzinda wa Málaga weniweniwo ambiri amangoudutsa, koma uli ndi magombe ake, linga lakale la Alcazaba, ndi nyumba yosungiramo zojambula za Pablo Picasso, amene anabadwira mumzindawu mu 1881. Kumapiri, sankhani Ronda ngati mtima wanu uli kumadzulo, kapena umodzi mwa midzi ya Alpujarras, dera la m'munsi mwa Sierra Nevada chakummwera, ngati mukufuna mapiri amenewo.

Kodi madzi a m'nyanja ndi ofunda?

Si ofunda monga momwe dzuwa la kumeneko limapangitsira munthu kuganiza. Madzi ozizira a Atlantic amalowa mu Mediterranean kudzera pampata wa Gibraltar, ndipo gombe la Málaga lili m'gulu la magombe oyamba kuwalandira. Mu Ogasiti ndi Sepitembala madzi amafika pafupifupi madigiri 22 mpaka 24, koma mu Epulo ndi ochepa amene amapirira kusambiramo. Palinso chodabwitsa china ku Málaga: ikamaomba mphepo yotchedwa terral, yomwe imatsika m'mapiri ili youma ndi yotentha kwambiri, imakankhira madzi ofunda apamwamba kutali ndi gombe, ndipo ozizira apansi amakwera. Choncho tsiku lotentha kuposa onse likhoza kukhala lomwe nyanja yazizira kwambiri.

Mchenga wa ku Costa del Sol ndi wotuwa ndi wokhakhala, pena wamiyala, ndipo umatentha masana. Wofuna mchenga woyera ndi wosalala apite ku Costa de la Luz, monga ku Bolonia kapena Zahara de los Atunes, koma adziwe kuti kumeneko mphepo yochokera kum'mawa yotchedwa levante ikayamba imatha masiku angapo ikuulutsa mchenga.

Sindine wozolowera kukwera mapiri. Ndi malo ati omwe ndingathe kufikako?

Alipo ambiri. Tauni ya Ronda inamangidwa mbali ziwiri za phompho la El Tajo, lakuya pafupifupi mamita 100, ndipo mbalizo zinalumikizidwa ndi mlatho wamiyala wa Puente Nuevo womwe unatha kumangidwa mu 1793. Pali kanjira kotsikira kumunsi komwe mlathowo umaonekera wonse. Ku El Torcal, pafupi ndi Antequera, kuli miyala ya laimu yomwe madzi ndi mphepo zinaisema n'kukhala yosanjikizana, ndipo njira yaifupi yozungulira malowo imatenga nthawi yosakwana ola limodzi, ngakhale kuti pamafunika nsapato zolimba chifukwa miyalayo imaterera kukagwa mvula.

Malo omwe anthu amafunsa kwambiri ndi Caminito del Rey, kanjira kopachikidwa pakhoma la phompho la Los Gaitanes, pafupifupi mamita 100 pamwamba pa mtsinje wa Guadalhorce. Kanamangidwa pakati pa 1901 ndi 1905 kuti antchito a makina opangira magetsi azidutsapo, ndipo Mfumu Alfonso XIII inayendapo mu 1921. Patapita zaka kanjirako kanawonongeka, anthu angapo anafa atagwa, ndipo kanatsekedwa mpaka pamene kanamangidwa katsopano n'kutsegulidwa mu 2015. Lero kali ndi matabwa olimba ndi zotchingira, aliyense amapatsidwa chisoti, ndipo ulendo wonse ndi wa makilomita pafupifupi 8, woyenda mbali imodzi yokha, kenako mumakwera basi yokubwezerani poyambira. Sikafuna mphamvu zambiri, koma amene amachita chizungulire akayang'ana pansi aganize kawiri. Ana osakwana zaka 8 saloledwa, matikiti ndi owerengeka patsiku ndipo amagulidwa pa intaneti nthawi ikadalipo, komanso kanjirako kamatsekedwa kukakhala mphepo yamphamvu.

Kodi munthu wamba angakwere Mulhacén?

Inde, kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka Sepitembala, chipale chofewa chitasungunuka. Njira ya kummwera siifuna zingwe kapena luso lapadera. Chimene imafuna ndi miyendo yolimba ndi kuleza mtima, popeza pamwamba pa mamita 3,000 mpweya umachepa ndipo munthu amapuma movutikira, ena mutu umawawa. Ambiri amayambira ku Capileira, umodzi mwa midzi itatu ya m'chigwa cha Poqueira pamodzi ndi Bubión ndi Pampaneira. M'miyezi yotentha pamakhala kabasi komwe kamanyamula anthu kuchoka ku Capileira mpaka pamtunda ndithu m'kati mwa malo otetezedwa, ndipo kuchokera pamenepo munthu wathanzi amakafika pansonga n'kubwerera tsiku lomwelo. Mipando ya kabasiko ndi yochepa, kotero sungitsani malo msanga. Njira yochokera ku Trevélez, mudzi womwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndi yaitali ndi yotopetsa kwambiri.

Musanyengedwe ndi kutentha kwa kugombe. Pansonga pamaomba mphepo yozizira ngakhale mu Ogasiti, mthunzi palibe, ndipo dzuwa limawotcha khungu mofulumira kuposa kunyanja. Tengani jekete, chipewa, mafuta oteteza khungu, madzi okwanira ndi chakudya, ndipo nyamukani m'mamawa kuti muzitsika mitambo ya masana isanasonkhane. Onani zanyengo kuchokera ku AEMET, nthambi ya boma yoona za nyengo, yomwe imalengeza padera za m'mapiri. Kuyambira Novembala mpaka Meyi phirili ndi la okhawo odziwa kuyenda pa madzi oundana ndi zida zake, ndipo anthu amafa kumeneko.

Ngakhale osafuna kufika pansonga apite ku Alpujarras. Midzi yake ili ndi nyumba za madenga afulati okutidwa ndi dongo lotuwa, ndipo m'mbali mwa mapiri mumadutsa ngalande zothirira zomwe zakhala zikugwira ntchito kuyambira nthawi imene Asilamu ankalamulira derali. Kuno ndi kumene mbadwa za Asilamuwo zinaukira boma pakati pa 1568 ndi 1571, zisanathamangitsidwe m'derali. Kuyenda m'mbali mwa ngalandezi kuchoka mudzi wina kupita wina, pansi pa mitengo, ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu womwe aliyense wathanzi angauthe.

Kodi n'zoona kuti munthu akhoza kusewera pa chipale chofewa m'mawa n'kukasambira m'nyanja masana?

Mtunda umalola. Malo a masewera otsetsereka pa chipale a Pradollano ali pa mamita 2,100, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Granada, ndipo kuchoka pamenepo kukafika kugombe la Motril kapena Salobreña ndi ulendo wosakwana maola awiri pagalimoto. Malowa amatsegulidwa chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala n'kutsekedwa chakumapeto kwa Epulo. Koma onani zomwe tanena za kuzizira kwa madzi m'miyezi imeneyi.

N'chifukwa chiyani anthu amati matikiti a Alhambra agulidwe kale?

Chifukwa chiwerengero cha olowa patsiku n'chokhazikika, ndipo m'miyezi ya alendo ambiri matikiti amatha masabata angapo tsikulo lisanafike. Alhambra ndi linga ndi nyumba zachifumu za mafumu achisilamu a banja la Nasrid, omwe analamulira Granada kuyambira m'zaka za m'ma 1230 mpaka pa 2 Januwale 1492, pamene Boabdil, mfumu yomaliza ya banjali, anapereka mzindawo kwa mafumu achikhristu Fernando ndi Isabel. Ulamuliro wa Asilamu m'dziko limeneli unali utayamba mu 711. Bungwe la UNESCO linaika Alhambra pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1984.

Tikiti imalembedwa dzina lanu, kotero tengani pasipoti. Pa tikitipo pamalembedwanso nthawi yolowera m'nyumba zachifumu za Nasrid, ndipo mukachedwa simulowa. Gulani patsamba lenileni la oyang'anira malowa, pakuti pali masamba ena ogulitsa pamtengo wokwera. Madzulo ake kwerani ku Albaicín, dera lakale la mzinda wa Granada, mukaime pamalo oonerapo otchedwa Mirador de San Nicolás, pomwe Alhambra imaoneka yonse, kumbuyo kwake kuli mapiri a Sierra Nevada. Amene wakhudzidwa ndi mbiri imeneyi apitenso ku Córdoba, komwe kuli mzikiti waukulu womwe wolamulira wachisilamu Abd al-Rahman I anayamba kumanga cha m'ma 785 ndipo unasandutsidwa tchalitchi mu 1236.

Kodi chakudya chake n'chotani, ndipo amadya nthawi yanji?

Nthawi ndi imene imasokoneza alendo. Chakudya chamasana chimayamba cha m'ma 2 koloko, ndipo chamadzulo cha m'ma 9 koloko. Malo ambiri odyera amatseka khitchini pakati pa nthawi ziwirizi, ndipo masitolo ang'onoang'ono amatsekanso masana. Mkati mwa sabata funsani menú del día, chakudya chamasana cha mbale ziwiri kapena zitatu pamtengo umodzi wotsika.

Kugombe la Málaga lawani espeto, nsomba za sardinas zobayidwa pa bango n'kuwotchedwa pamoto wa nkhuni m'kabwato kodzaza mchenga, pamalo odyera a pagombe otchedwa chiringuito. Kukatentha amadya msuzi wozizira: gazpacho ndi salmorejo za tomato, ndi ajoblanco wa maalimondi ndi adyo. Kumapiri chakudya n'cholemera, ndipo Trevélez ndi wotchuka ndi nyama ya nkhumba youmitsidwa ndi mphepo ya m'phiri. Amene sadya nkhumba afunse asanaitanitse, chifukwa tizidutswa take amawaza ngakhale pa salmorejo ndi pa ndiwo zamasamba. Ku Granada, malo ambiri omwera amapereka kambale ka chakudya kwaulere pa chakumwa chilichonse. Ndalama yake ndi yuro, ndipo makhadi a banki amalandiridwa pafupifupi paliponse, koma m'midzi yaing'ono khalani ndi ndalama pang'ono m'thumba.

Ndi ngozi ziti zomwe ndiyenera kusamala nazo?

Nambala ya zangozi ndi 112, ndipo ndi yaulere. Pagombe yang'anani mbendera: yobiriwira ndi yololeza kusambira, yachikasu ndi yochenjeza, yofiira ndi yoletsa. Nthawi zina nyanja imabweretsa tinyama tofewa toonekera mkati totchedwa medusas, tomwe tikakhudza khungu timayabwa ngati chitedze. Tsukani ndi madzi amchere, osati madzi akumwa, ndipo pitani kwa opulumutsa anthu pagombepo. Akuba a m'matumba amapezeka pomwe pali chikhamu, ndipo musasiye katundu poonekera m'galimoto yobwereka.

Moto wa m'tchire ndi ngozi yaikulu m'miyezi youma. Mu Sepitembala 2021 moto unawononga mahekitala pafupifupi 10,000 ku Sierra Bermeja, pamtunda pa Estepona, ndipo wozimitsa moto mmodzi anamwalira. Kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 15 Okutobala n'koletsedwa kuwotcha nyama kapena kukoleza moto m'nkhalango, ngakhale pamalo okonzedwera zimenezo. Kukagwa mvula yamphamvu, musaimike galimoto kapena kuyenda m'khwawa louma, chifukwa madzi ochokera kumapiri amafika mwadzidzidzi.

Ndamva kuti eni dera akudandaula ndi alendo. Kodi n'zoona?

Mu Juni 2024 anthu zikwizikwi anachita zionetsero ku Málaga chifukwa nyumba zambiri zasandutsidwa zogona alendo, ndipo lendi yakwera mpaka mabanja a komweko akulephera kukhala pakati pa mzinda wawo. Dandaulo lawo ndi lomveka, ndipo likuloza kwambiri kwa eni nyumba ndi akuluakulu a boma kusiyana ndi mlendo payekha. Mukamabwereka nyumba, onetsetsani kuti ili ndi nambala ya kaundula wa zokopa alendo wa boma la Andalusia, kapena gonani m'hotela kapena m'nyumba ya alendo yoyendetsedwa ndi banja. Derali limavutikanso ndi chilala kawirikawiri, kotero samalani madzi ngakhale hotela yanu ili ndi dziwe losambiramo.

Kodi ndingawolokere ku Morocco kapena ku Gibraltar tsiku limodzi?

Pamene mpata wa Gibraltar wapapatiza kwambiri, Ulaya ndi Africa zatalikirana makilomita 14 okha, ndipo kukakhala kopanda nkhungu mapiri a ku Morocco amaoneka bwinobwino muli ku Tarifa. Sitima zapamadzi zochoka ku Tarifa zimafika ku Tangier pafupifupi pa ola limodzi, koma levante ikakula maulendo amaimitsidwa, kotero musakonze ulendowu pa tsiku loyandikana ndi la ndege yanu yobwerera.

Chofunika kwambiri ndi viza. Morocco sali m'gulu la Schengen, ndiye kuti mukawoloka mwatuluka, ndipo ngati viza yanu ndi yolowera kamodzi kokha simudzaloledwa kubwerera ku Spain, ngakhale katundu wanu ali ku hotela. Pemphani viza yolowera kangapo, ndipo fufuzani padera ngati Morocco imafuna viza kwa nzika za dziko lanu. Gibraltar ili pansi pa Britain kuyambira pa pangano la Utrecht la 1713, choncho funsani ku ofesi yomwe yakupatsani viza za malamulo olowera kumeneko omwe akugwira ntchito pa nthawi ya ulendo wanu.